Preset imeneyo musalipire kaye, achemwali

Achemwali, ndangoona zoti mukufuna kugula preset (kafayilo kosintha mitundu ya chithunzi mukangodina kamodzi mu pulogalamu yokonzera zithunzi) yoti zithunzi za ukwati zizioneka ngati za filimu ya m'kamera zakale, mtima wanga wachita kuti phaa. Ndalamayo igwireni kaye.

Ine zinandionekera ku Chilomoni. Ndinali nditangogula kamera ya Canon yogwiritsidwa kale ntchito, ndiye ndinapeza chinkhoswe choyamba cholipidwa bwino. Mtsikana wa chinkhoswecho anandionetsa zithunzi za pa Instagram, zija zachikasu pang'ono ngati zajambulidwa dzuwa likukalowa, akuti akufuna zofanana ndi za mu alubamu ya agogo ake. Ine n'kuvomera, chikhalirecho sindinayesepo. Pa gulu lina la WhatsApp panali mnyamata wogulitsa ma preset, akuti ndi "Portra 400 yeniyeni" (Portra ndi filimu ya kampani ya Kodak). Zitsanzo zake zonse zinali za azungu ataima m'minda ya tirigu, koma ine maso anali pa kukongola, sindinafunse n'komwe. Ndinatumiza ndalama pa foni, iye n'kunditumizira ka fayilo ka DNG, momwe munali presetyo.

Tsiku la chinkhoswe ndinajambula JPEG, mafayilo ofinyidwa osadya malo ambiri, poopa kuti khadi ya m'kamera idzadza. Usiku magetsi atathima ndinakhala mumdima ndi laputopu yobwereka kwa msuweni wanga, sikirini ili mbee kuwala mpaka pamapeto. Ndinaika preset pa chithunzi chimodzi cha maluwa, chinakongola, basi ndinadina Sync kuti preset ija ipite pa zithunzi zonse 380. Export, kutulutsa zomalizidwa. Malo mu laputopu anali atatha, ndiye zoyambirira ndinafufuta, khadi n'kuichita format chifukwa Lamulungu ndinali ndi ubatizo. Mwamva? Ndinafufuta ndi manja angawa.

Nditakatsukitsa, sindinazione bwino, ndinangolowetsa mu alubamu mothamanga kuti ndikatenge ndalama yotsala. Ndinafika kwa mayi a mtsikanayo masana, anandipatsa mpando pakhonde ndi chikho cha thobwa. Azakhali ake awiri anakhala pa mphasa, mayiwo pakati, alubamu pamiyendo. Tsamba loyamba anatsegula akumwetulira. Lachiwiri, zii. Ananyambita chala n'kutsegula lachitatu, analiyandikitsa kumaso, analitalikitsa, anatuluka nalo panja pa dzuwa. Atabwerera anandifunsa mwaulemu wake wonse, ndipo ulemuwo ndi umene unandipha: "Kodi bambo, mwana wangayu munamudzoza chiyani?"

Achemwali, mtsikana wakuda bwino wosalala uja anali ngati papaya lakupsa. Masaya ndi chipumi zili psuu, khosi lili lotuwa. Mwamuna wake, amene ndi wakuda kwambiri, nkhope inali ngati matope ouma, kungooneka mano ndi maso. Zitenje za yunifomu za kuchikazi, zabuluu, zimene azakhaliwo anakasankha okha ku Limbe, zinatuluka zobiriwira ngati madzi a ndere. Mmodzi anadzuka, analowa m'nyumba, anatulutsa chitenjecho n'kuchiyala pambali pa chithunzi osayankhula kanthu. Winayo ndi amene anamaliza: "Akuchimuna akaona izi aziti mwana wathu amadzola mafuta oyeretsa khungu." Thobwa linandikakamira pakhosi. Ndinati ndikakonza, koma ndikudziwa mumtima kuti chokonzera palibe, zoyambirira zinapita. Yotsalayo sindinaitchule n'komwe, ndipo theka la imene ndinalandira ndinabweza pang'onopang'ono miyezi iwiri.

Mnyamata wa preset uja nditamulembera anati vuto ndi kamera yanga. Ndinamutumizira chithunzi cha mkwatibwi, anayankha ka emoji koseka, mawa lake wandibuloka. Pambuyo pake ndinadzapeza preset yomweyo ikugawidwa ulere pa intaneti, iye anangosintha dzina. Mpaka lero akugulitsabe, akudzitcha mphunzitsi wa zojambula, munthu woti sanaimepo pa perekaniperekani dzuwa la Okutobala likumuwotcha m'mutu. Akutsukitsa zithunzi nawonso anaona nkhope zonsezo zikutuluka m'makina zili choncho, osandiimbira ngakhale kamodzi. Bola ndalama yalowa.

Nditakhala pansi n'kuitsegula preset ija mkati ndi pamene ndinamvetsa. Mu HSL, mosinthira mtundu uliwonse paokha, anali atakokera orange ku chikasu n'kukweza luminance (kuwala) yake kwambiri. Pa mzungu zimenezo zimapereka khungu losalala ngati mkaka. Koma khungu lathu lonse limakhala momwemo mu orange ndi red, ndiye ukakoka pamenepo wakoka nkhope yonse. Blue anali atamukankhira ku teal (buluu wobiriwira), n'chifukwa chake zitenje zija. Pa tone curve, kamzere kolamulira zowala ndi zakuda, anakweza kadontho ka pansi kumanzere mopyola, zakuda zonse n'kusanduka phulusa, ndipo munthu wakuda nkhope yake imakhala kufupi ndi kumeneko. Nkhaniyi si yalero ayi. Kodak yomweyo kuyambira m'ma 1950 inkapatsa otsuka zithunzi khadi yoyesera mitundu yotchedwa Shirley card, pali mzimayi wachizungu, makina onse ankawalinganiza ndi khungu lake. Zofiirira zinayamba kusamalidwa makampani a mipando yamatabwa ndi a chokoleti atadandaula kuti katundu wawo sakuoneka bwino pa zithunzi. Taganizani, chokoleti chinadandaulidwa ife tisanaganiziridwe. Portra yeniyeni, imene inatuluka mu 1998, imajambula khungu lakuda bwino ndithu ukaipatsa kuwala kokwanira. Ma preset ongotengera dzinawa ndi amene amayesedwa pa khungu limodzi basi.

Ndiye chitani izi. Jambulani RAW, fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona, khadi ikadzadza gulani ina, ndi yotchipa kuposa manyazi. JPEG ndi 8 bit, ukaikoka kwambiri mitundu imang'ambika, pamene RAW imasunga 12 kapena 14 bit, kutanthauza mitundu yambiri. Yambani ndi white balance, yolinganiza kuti zoyera zioneke zoyera, musanakhudze china chilichonse. Pa muyeso wakewo dzuwa la masana limakhala cha m'ma 5500K, mukafuna chikasu chija kwezani pang'ono mufike cha m'ma 6000, koma diso likhale pa diresi loyera, likayamba kuoneka ngati lachapidwa kudambo mwapyola. Mu holo za mababu a LED otchipa aja mumalowa kobiriwira, kankhirani tint ku magenta (mbali ya pinki) pang'ono. Highlights, malo owala kwambiri pa chithunzi, tsitsani, filimu siwalitsa zoyera mwaukali ngati digito. Kadontho ka curve kwezani kachingono kwenikweni. Green muchepetse saturation (mphamvu ya mtundu) n'kumukokera ku chikasu kuti kapinga asamakuwe. Grain, timadontho tija ta filimu, ine ndimaika pakati pa 15 ndi 25, kupitirira apo Facebook ikafinya chimangooneka ngati chakuda ndi fumbi. Chikasucho chiikeni mu Color Grading, mothirira mtundu pa zowala kapena zakuda, pa highlights pokha. Orange musiyeni! Ngati nkhope yada, pangani mask, kusankha nkhope yokhayo, n'kukweza exposure (kuwala), osati kusintha mtundu wa munthu.

Komanso kunena zoona theka la maonekedwe amenewa silichokera mu kompyuta. Atengeni akwatiwo cha m'ma 4:30 mpaka dzuwa kulowa, makamaka miyezi ya Seputembala ndi Okutobala kukakhala utsi wa tchire ndi fumbi m'mwamba, dzuwa likhale kumbuyo kwawo. Kuwala kumeneko simungakugule kwa aliyense. Vuto ndi loti nthawi imeneyo a MC amakhala ali pakati pa ndalama, muyenera kukambirana nawo m'mawa.

Sikirini itsitseni ifike theka, apo ayi zotsukitsa zidzatuluka zakuda. Pochita Export sankhani dongosolo la mitundu lotchedwa sRGB. Tsukitsani zitatu zokha poyamba, chimodzi chikhale cha munthu wakuda kwambiri pa mwambowo, china cha zitenje, mukazionere panja. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document. Zoyambirira musafufute mpaka mayi a mkwatibwi atatseka alubamu n'kunena zikomo.

Tsono musati ndikuti preset ndi tchimo. Zithunzi 400 simungakonze chimodzichimodzi kasitomala akuimba foni m'mawa uliwonse, ine Sync ndimadinabe sabata iliyonse. Ndipo musaseke, imene ndimagwiritsa ntchito pano ndi yomwe ija ya wakuba uja, ndinangobweza orange ndi blue pa 0, Amount (mphamvu ya presetyo) ndimaisiya pa 40 kapena 50. Green yake ndi yabwino, zimenezo sindingamunamizire. Ndiye ngati ya wogulitsa wanuyo ndi yotchipa, kaya, gulani, koma ayambe wakuonetsani itaikidwa pa nkhope ngati yanu. Akakana mudziwe kuti ndi mbale wake wa uja. Kapena nditumizireni RAW imodzi ku inbox ndiyikepo yangayi muone, koma mawa madzulo, lero bandulo yatsala pang'ono kutha.