Funsani Dokotala: Mwana wanga ali pa 25th centile, kodi akunyentchera?

Funso: Adokotala, ndimakhala ku Britain. Mwana wanga wamwamuna wakwanitsa chaka ndipo akulemera makilogalamu 9. Anamwino alemba m'buku lake lofiira kuti ali pa 25th centile. Kodi ndiye kuti sakukula bwino?

Yankho: Mayi, mtima ukhale m'malo, nambalayi si malikisi a mayeso. Tiyerekeze kuti tandandalika ana aamuna 100 athanzi a chaka chimodzi, kuyambira wopepuka mpaka wolemera kwambiri. Wanuyo ali pa nambala 25: pafupifupi ana 25 ndi opepuka kuposa iye, 75 ndi olemera kumuposa, koma onsewo ndi athanzi.

Pa tchati cha kakulidwe ka mwana chimene chili m'bukumo, mizere ya 25, 50 ndi 75 imagawa gululi panayi, ndipo imatchedwa ma quartile. Pa tchati cha 2006 cha WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, mwana wamwamuna wa miyezi 12 amene ali pakati penipeni amalemera makilogalamu 9.6, ndipo theka la ana onse limapezeka pakati pa 9.0 ndi 10.4. Tchatichi chinachokera kwa ana oyamwa bere a ku Brazil, Ghana, India, Norway, Oman ndi America, choncho musaganize kuti ndi muyeso wa azungu okha.

Ife madokotala sitiweruza ndi dontho limodzi la pa tchati. Timatsata njira imene madonthowo akuyenda mwezi ndi mwezi. Mwana amene wakhala akutsata mzere wa 25 kuyambira kale akukula bwino lomwe. Wotidetsa nkhawa ndi amene anali pa 75 kenako watsika mipata iwiri kufika pa 25, kapena amene wagwa pansi pa mzere wa 2. Ameneyo timamufufuza kadyedwe, kutsegula m'mimba ndi matenda ena obisika.

Sikelo nayo imanamiza. Mwana ayezedwe pa sikelo yomweyo, atavula zovala ndi thewera, ndipo akapitirira chaka, kamodzi pa miyezi itatu n'kokwanira. Kumuyeza sabata iliyonse kumangokuikani pa nkhawa. Ngati anabadwa masabata 37 asanakwane, auzeni anamwino kuti achotsere masabata amene anaperewerawo.

Achibale kumudzi akakuuzani za mzere wa -2 kapena -3 pa khadi la kusikelo, ndi kawerengedwe kena kotchedwa z-score, kosonyeza mmene mwana watalikirana ndi wapakati uja, ndipo -2 ndi pafupifupi 2nd centile. Musamukakamize phala n'cholinga choti afike pa 50. Koma akasiya kudya, akafooka, kapena akatupa mapazi onse awiri, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.