Ma probe akuchoka pagalasi mukatsuka? Yang'anani botolo lanu

Chemwali wina wandilembera imelo. Akupanga microarray: akudontheza ma probe, tizidutswa ta DNA togwira DNA imene akuifuna, pagalasi lokutidwa ndi mankhwala a aldehyde, koma akatsuka, sikana (makina owerenga kuwala pagalasi) siwonetsa kalikonse. Chemwali, funso lanuli landigwira kumtima, chifukwa njira imeneyo ndinadutsamo.

Ndili pamaphunziro ku Cape Town, miyezi itatu yathunthu inathera pa vuto lomweli. Poyamba ndinkati sikana yawonongeka. Kenako ndinkakayikira ma oligo, ndiwo ma probe amene tinagula. Zinafika poti usiku wina ndinaimbira amayi kumudzi, ndikulira, kuti ndikubwerera basi. Iwo anangoti, "Mwananga, munda sauthawa chifukwa cha nansongole."

Vuto linali m'botolo limene ndinkasungunuliramo ma probe. Munali Tris, mankhwala othandiza kuti pH ya madzi isasinthe. Amine, kagulu ka maatomu koikidwa kumapeto kwa probe kotchedwa 5', ndiye amayenera kugwirana ndi aldehyde wa pagalasi. Koma Tris nayenso ali ndi amine, ndipo anali wochuluka kwambiri kuposa DNA yanga, ndiye ankalanda malo onse.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti m'kalasi amatiphunzitsa hybridisation (kugwirana kwa probe ndi DNA imene ikufunidwa) ndi kusanthula zotsatira pakompyuta, galasi n'kumaliona ngati mbale yongoikapo chakudya. Kuphunzitsa kotero n'kolakwika, ndipo sindibweza mawu. Pamene Stephen Fodor ndi anzake analengeza mu 1991 njira yomangira mamolekyu pagalasi pogwiritsa ntchito kuwala, imene inadzabala ma chip a kampani ya Affymetrix a ma probe a zilembo za DNA 25, nkhondo yawo inali ya pamwamba pa galasi. Gulu la Patrick Brown ku Stanford mu 1995 linkayamba lakuta galasi ndi poly-L-lysine kuti DNA imamatire.

Ndipo musamve zakuti ma probe akachuluka ndiye bwino. DNA ili ndi chaji ya negative. Mukaithinanitsa ngati chimanga chosapatulira, DNA imene mukuifunayo imakankhidwa, malo olowera n'kusowa.

Tsono chitani izi

Siyani Tris, sungunulirani mu sodium phosphate wa pH 8.5 kapena madzi a mchere otchedwa 3x SSC. Pakati pa amine ndi probe pakhale C6 (kaunyolo ka ma carbon asanu ndi limodzi) ndi ma T (chilembo cha DNA) khumi kapena 15, kuti probe itukuke pagalasi. Galasilo ligone m'bokosi la chinyontho, kenako liviikeni mu sodium borohydride kuti mgwirizano wa amine ndi aldehyde ulimbe. Dontho limodzi likhale la probe yokhala kale ndi Cy3, utoto wowala pa sikana; likawala mutatsuka, ndiye kuti kumamatira kuli bwino, vuto lili kwina, ndipo mundilemberenso.