Funsani Azakhali: Kamba wa pa ulendo wa bambo odwala shuga

Azakhali, ndine mayi wa ana atatu, timakhala ku Nchalo. Amuna anga anawapeza ndi matenda a shuga chaka chatha, ndipo kuchipatala anawauza kuti achepetse nsima, mpunga, buledi ndi zotsekemera. Pakhomo ndimakwanitsa ndithu. Koma kumapeto a mwezi uno tikupita banja lonse kwawo, kufupi ndi Tengani, kukavundukula chiliza cha apongozi anga aamuna. Tinyamuka Lachisanu masana, tibwerako Lamulungu. Kumudziko kulibe magetsi, ndipo nthawi zonse tikakhala pa ulendo bambowa amangodya mandasi ndi Fanta, pobwerako shuga ali m'mwamba. Ndikonzeretu chiyani chimene sichingawakwezere shuga, chosasasa ndi kutenthaku, chimene ana nawonso angadye?

Mayi wa ku Nchalo

Mayi, zikomo polemba. Kalata yanu yandikhudza chifukwa achemwali anga aakulu, amene tayandikana nyumba kuno ku Ngabu, akhala ndi shuga zaka zambiri, ndipo tikamapita kumaliro kapena kuukwati kamba wawo ndimakonza ndine. Zimene ndikuuzeni pano ndi zimene ndimachita ndi manja angawa.

Chaka china mu Okutobala ndinaphika nkhuku ya msuzi Lachinayi usiku, ya tomato ndi anyezi wambiri, n'kuitsekera m'kontena isanazizire bwinobwino. M'mawa tinakwera minibasi. Titafika pa Bangula ndinatsegula kuti achemwali adye, ndinapeza kathovu kali pamwamba, fungo lasintha. Ndinataya yonse. Iwo anali atamwa kale mankhwala, njala itawagwira mpaka manja kunjenjemera, ndiye anadya zimene zinalipo, zitumbuwa ndi chakumwa cha m'botolo. Tsiku lonselo anali ofooka, akungopempha madzi. Zinandipweteka mtima kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo msuzi sindiukweza galimoto.

A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola 2, chifukwa tizilombo timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60. Kuno kuchigwa miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika 40 n'kupitirira, ndipo m'galimoto yoima padzuwa kumaposa pamenepo. Ine maola awiriwo ndimawadula pakati. Choncho kamba wa munthu wa shuga kuno akhale wouma. Mwayi wathu ndi wakuti zouma zimene makolo athu ankayenda nazo, nyama yowamba, nsomba zowamba, mtedza ndi chitowe, ndi zomwezo zimene sizikweza shuga. M'magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja, gulu limene a dokotala akuti lichepe ndi la zokhutitsa. Zanyama, zamasamba ndi zamafuta bambowo angathe kudya n'kukhuta.

Yambani Lachitatu ndi nyama ya mbuzi, poti kuno mbuzi sizisowa. Gulani ya mwendo, yophedwa tsiku lomwelo, makilogalamu awiri ngati thumba likulola. Chotsani mafuta onse oyera aja, chifukwa ndi amene amayamba kununkha nyama ikakhalitsa. Lezani nyamayo mizere yopyapyala, yosaposa chala chaching'ono kunenepa kwake. Ipakeni mchere pang'ono, madzi a mandimu, adyo wosinja ndi tsabola ngati amadya, ikhale choncho ola limodzi pamthunzi mutavundikira kuopa ntchentche. Kenaka kolezani mbaula, dikirani makala ayere phulusa, moto ukhale wofatsa, muike waya pamwamba patali ndi makalawo. Apa m'pofunika kudekha. Mukathamangira moto waukulu, kunja kumapsa m'kati muli madzi, ndipo Loweruka mudzapeza yachita nkhungu. Muzitembenuza pang'onopang'ono kwa maola atatu kapena anayi. Mudziwa kuti yatheka mukaipinda n'kuona kuti ikuthetheka ulusi, m'kati mulibe kufiira kapena kunyowa. Iyanikeni palichero izizire usiku wonse, ndipo muikulunge m'pepala kapena m'kansalu koyera. M'jumbo ya pulasitiki imachita thukuta n'kuwonongeka. Nyama yotere bambo angathe kumatafuna m'galimoto, ndipo yotsala mudzaiphika kumudzi ndi tomato Lamulungu m'mawa, idzafewa bwinobwino.

Mlamba wowamba ndi makakana ouma musavutike kukonza nokha, mudzagula pamsika. Ingoonani kuti ndi zouma zenizeni, zopanda mphutsi m'mutu. Usipa ndiye ndimaukonzeratu Lachinayi: ndimadula mitu, ndimautsuka m'madzi ofunda kuti mchenga ndi kuwawa zichoke, ndimauyanika pang'ono, kenaka n'kuukazinga m'mafuta ochepa mpaka uzilira khirichi ukamatafunidwa. Osathira tomato, osathira anyezi. Ukazizira ndithu m'pamene umalowa m'botolo lotseka. Ana amaudya ngati mtedza, muone kuti asamalize tsiku loyamba.

Mtedza sankhani bwino, wofwifwa ndi wachuku tayani, chifukwa chuku chija chimawononga chiwindi ndipo kukazinga sikuchichotsa. Kazingani pamoto wochepa, muwaze timadzi ta mchere kumapeto. Mtedza uli ndi sitachi wochepa ukauyerekeza ndi ufa wa chimanga: pa magalamu 100 a ufa, oposa 70 ndi sitachi, pamene mtedza uli ndi pafupifupi 16. Komabe si wodya mbale yonse. Ine ndimamangiratu timapukusi ta dzanja limodzi limodzi, kuti munthu akatsegula kamodzi adziwe pothera. Chitowe chokazinga n'kusinja ndi kamchere n'chabwino kuwaza pa nkhaka kapena pa masamba. Ngati bambowo ali ndi BP, monga zimakhalira ndi ambiri odwala shuga, dzanja lanu lipepuke pa mchere m'zonsezi, ndipo nsomba zamchere muziziviika kaye musanaphike.

Za mazira ndinene mosamala, chifukwa apa m'pamene ambiri timalakwitsa. Dzira ndi kamba wabwino kwambiri kwa munthu wa shuga, sitachi wake safika ngakhale galamu imodzi. Koma dzira lowiritsa limawonongeka msanga kuposa laliwisi, chifukwa kuwiritsa kumachotsa kachikuto kosaoneka kamene kamatseka timabowo ta chikhokhombe. Wiritsani a Lachisanu okha, mutatsala pang'ono kunyamuka, osasenda, ndipo adyedwe musanafike. A Loweruka ndi Lamulungu tengani aawisi osatsuka, muwaike m'thileyi kapena m'kabokosi ka gaga, mukawiritse komweko m'mawa uliwonse. Moto kumudzi sudzasowa.

Masamba nawo chimodzimodzi, ayende athunthu. Kabichi wosadula, nkhaka, tomato wosapsetsa, mabilinganya, therere lobala, anyezi ndi mandimu zimapirira masiku atatu zikakhala m'dengu pamthunzi. Mukazidula kunyumba kuti mupange saladi, pofika pa Sorgin zidzakhala zitalefuka n'kutuluka madzi. Tengani mpeni wanu ndi mbale, muzidula pa nthawi yodya mutasamba m'manja. Ngati muli ndi mfutso wa nkhwani kapena wa chitambe, tengani pamodzi ndi nsinjiro m'kabotolo, imeneyo ndi ndiwo yotendera ya Loweruka madzulo yosalemera kunyamula. Ndipo kumudzi kwa amuna anu sindikayika kuti mtengo wa chammwamba, umene kuno ambiri timati sangowa, uli pafupi. Masamba ake ndi ndiwo yabwino, koma asakunamizeni kuti alowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala.

Ngati muli ndi cooler box kapena mungabwereke, ikani mabotolo a madzi m'firiji kuyambira Lachitatu kuti aundane gwa, poganizira kuti magetsi angathe kuzima tsiku lina. Nkhuku yootcha yopanda msuzi, yozizira kuchokera m'firiji, ingathe kuyenda pakati pa mabotolowo, limodzi ndi chambiko chosathira shuga. Zimenezi ndi za Lachisanu madzulo basi. Bokosilo likhale pansi pa mpando, mulifunditse chitenje chonyowa, ndipo ana asamalitsegule pafupipafupi. Ayisi akasungunuka yense, chimene chatsala m'menemo chidyedwe nthawi yomweyo kapena chitayidwe. Madzi osungunukawo ndi akumwa. Tengani ambiri, chifukwa mijigo ina kuchigwa kuno imatulutsa madzi amchere, komanso munthu wa shuga akasowa madzi m'thupi shuga amakwera. A kumudzi muziwathira WaterGuard kapena kuwawiritsa.

Pamsewu, chimene chimagwetsa bambowo ndi njala yowapeza chimanjamanja. Minibasi ikaima pa Ngabu kapena pa Bangula, mawindo onse amadzaza mandasi, chipisi, nzimbe, mbatata ndi zakumwa zozizira, ndipo munthu amene sanadye kanthu sangapirire. Adye kunyumba musananyamuke, mazira awiri ndi masamba, ndipo kapukusi ka nyama ndi mtedza kakhale m'thumba la malaya awo, kasakhale m'chikwama chimene chamangidwa kumbuyo. Botolo limodzi la zakumwa zotsekemera la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana masipuni a tiyi pafupifupi 7 kapena 8. Awonetseni pothira masipuniwo m'kapu tsiku lina, achemwali anga anasiya atawona ndi maso. Akalakalaka chozizira, madzi a mandimu osathira shuga amathetsa ludzu. Kanyenya wa mbuzi wotentha, wochoka pamoto iwo akuona, angathe kugula.

Ana musawamane zokhutitsa. Iwo akukula ndipo akathamanga tsiku lonse ndi anzawo. Agulireni nthochi, mbatata yootcha kapena chimanga, adye pamodzi ndi usipa ndi mazira aja.

Tsopano za kumudzi, zimene simunafunse koma ndikudziwa kuti zikukudyani mumtima. Pa chiliza padzaphikidwa nsima ya mitanda ikuluikulu, mpunga ndi thobwa la m'migolo, ndipo amuna anu ndi mwana wa malemuwo, aliyense adzafuna kuwapatsa mbale. Inu ndinu mtengwa, simungaime pagulu n'kumalanda chikho m'manja mwa azakhali awo. Imbirani foni alamu anu aakazi sabata ino, amene mumamvana nawo, muwafotokozere zimene a dokotala ananena. Mawu akachokera kwa mlongo wawo, palibe adzanene kuti mkazi wa ku Nchalo akunyoza chakudya cha kumudzi. Nsima asaikane. Adye mtanda umodzi waung'ono, wosaposa chibakera chawo, ndiwo zamasamba zidzaze theka la mbale, nyama kapena nsomba pambali, ndipo ayambe ndiwozo. Ambiri amaganiza kuti ya mgaiwa kapena ya mapira angadye mmene angafunire. Ndi yabwinoko kuposa ya ufa woyera chifukwa gaga amachedwetsa shuga kulowa m'magazi, koma sitachi alimo wambiri ndithu, muyeso ndi womwewo. Thobwa ndi limene ndimaliopa kwambiri: ufa, chimera ndi shuga zili pamodzi, ndipo limamweka ngati madzi kukatentha. Alandire chikho mwaulemu, alawe, apatsire mwana.

Simunatchule mankhwala amene akumwa, ndipo nkhani imeneyi ndi yaikulu kuposa kamba yense. Ngati ali pa metformin yekha, shuga satsika mopitirira kawirikawiri. Koma ngati akumwa glibenclamide kapena akubaya insulin, kuchepetsa zokhutitsa mwadzidzidzi, kuphatikiza kuyenda padzuwa kupita kumanda ndi kuchedwa kwa chakudya cha pamwambo, kungatsitse shuga mpaka munthu kukomoka. Musanapite, kaonaneni ndi a kuchipatala kumene amalandira mankhwala, muwauze mmene akudyera tsopano. Asasiye kapena kuchepetsa mankhwala paokha. Ndipo m'chikwama chanu cha m'manja mukhale kapepala ka shuga kapena maswiti. Mukaona akunjenjemera, thukuta lozizira likutuluka, akulankhula zosokonekera kapena akwiya popanda chifukwa, sungunulani masipuni a tiyi atatu a shuga m'madzi amwe, mudikire mphindi 15, ngati sizikusintha mubwereze, kenaka adye chakudya. Akakomoka musawathire kanthu kukamwa, agonekeni chammbali muthamangire kuchipatala. Mwana wanu wamkulu ndi alamu aja adziwenso zizindikirozi, chifukwa pa mwambo inu mudzakhala kumoto ndi amayi anzanu, bambo ali pansi pa mtengo ndi amuna anzawo.

Ngati ndi insulin, isakhale m'galimoto yotentha ndiponso isagundane ndi ayisi. Mukafika ikulungeni m'kapulasitiki, muiike m'kamtsuko ka dothi kokhala ndi mchenga wonyowa, pakona yozizira ya nyumba. Kamakina koyezera shuga, ngati muli nako, kapite nawo, ayeze m'mawa asanadye komanso madzulo a Loweruka mwambo ukatha. Kumanda avale nsapato zotseka, chifukwa mchenga wa kuno masana umawotcha, ndipo kabala kakang'ono ka kuphazi kwa munthu wa shuga kamachedwa kupola.

Za Lamulungu pobwerera, sungani padera kapukusi kamodzi ka nyama, kena ka mtedza ndi nkhaka ziwiri, muzibise pansi pa zovala kuyambira Lachisanu. Kumudzi kuli ana ambiri ndipo mudzagawa, n'koyenera kutero, koma gawo limeneli likhale la bambo. Mazira awiri omaliza muwiritse m'mawa womwewo musanatsanzike.

Azakhali