Yankho pa funso la tizidutswa ta jelo tokutidwa ndi mafuta

Mwafunsa chifukwa chimene asayansi akukutira jelo ndi mafuta pofuna kunyamula mankhwala m'thupi, komanso ngati njirayi yafika kale m'zipatala.

Tizidutswa timeneti n'tochepetsetsa, pafupifupi mananomita 100, moti 10,000 titandanda pamzere tingakwane milimita imodzi yokha. Mkati mwake muli jelo, womwe ndi ulusi wa polima (mamolekyu ataliatali onga tcheni) wolukana ngati ukonde womwa madzi, ndipo mankhwala amakodwa m'maso a ukondewo. Kunja kuli chikuto cha mafuta ofanana ndi amene amakuta maselo athu. Jelo akakhala yekha amataya mankhwala msanga akalowa m'magazi, pomwe kathumba ka mafuta okhaokha, kotchedwa liposome, kamatha kuchucha kasanafike pamene pali matenda. Ziwirizi zikaphatikizidwa, mafuta amatsekera mankhwala m'njira, ndipo jelo amawatulutsa pang'onopang'ono, kapenanso amafufuma akakumana ndi asidi wa m'kati mwa selo n'kung'amba chikutocho. Chitetezo chotere n'chofunika kwambiri ponyamula RNA kapena DNA, zomwe zimasunga malangizo a mmene maselo amagwirira ntchito, chifukwa zikalowa m'magazi zosakutidwa zimaphwanyidwa zisanagwire ntchito.

Komabe mtundu wokhala ndi jelo mkati ukadali m'manja mwa ofufuza. Mu 2012, gulu la wasayansi Tarek Fahmy ku Yale University ku America linaika mankhwala awiri, wina wosungunuka m'madzi wina wosasungunuka, m'kachidutswa kamodzi, ndipo zotupa za khansa ya pakhungu ya melanoma zinachedwa kukula. Koma izi zinachitika pa mbewa, ndipo ulendo wochoka pa mbewa kufika pa munthu ndi wautali.

Zimene zili kale m'zipatala ndi za mafuta opanda jelo. Mankhwala a Doxil anavomerezedwa ku America mu 1995 pochiza khansa ya Kaposi, Onpattro wonyamula RNA anatsatira mu 2018, ndipo katemera wa Covid-19 wa Pfizer ndi Moderna amadaliranso mafuta. Chimene chimandikhudza kwambiri ine ndi kafukufuku wa AMBITION, amene anachitikiranso ku Blantyre ndi ku Lilongwe, yemwe anasonyeza kuti kulandira kamodzi kokha mlingo waukulu wa amphotericin B, mankhwala opha mafangasi, wokutidwa ndi mafuta, pamodzi ndi mankhwala akumwa, kumachiza matenda oumitsa khosi oyambitsidwa ndi fangasi wa cryptococcus mofanana ndi njira yakale ya sabata yathunthu, koma mosawononga impso ndi magazi kwambiri. WHO inavomereza njirayi mu 2022.

Choncho wina akakugulitsani mankhwala ponena kuti ndi jelo wa nano wochiza khansa kapena wokonza DNA, musagule, ndipo ngati mukudwala pitirizani kulandira chithandizo chimene dokotala wanu anakulemberani.