Ku Germany amathamanga, nanga ife atiletseranji?

Mnyamata wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, amene makolo ake anachokera ku Ntcheu, wanditumizira imelo. Akuti wagula kagalimoto kochokera ku Japan, ndipo msuweni wake yemwe ali ku Ulaya wamuuza kuti ku Germany munthu umaponda mafuta mmene ukufunira, wapolisi osakuimitsa. Funso lake n'lakuti: "Kodi n'zoona? Nanga poti msewu wa ku Masvingo anaukonza, bwanji ife atikanikizabe pa makilomita 120 pa ola?"

Achimwene, msuweni wanuyo sananame, koma wakuuzani theka chabe. Pa misewu yawo ikuluikulu yotchedwa Autobahn pali zigawo zambiri zopanda malire a liwiro kwa magalimoto aang'ono. Komabe boma limalangiza makilomita 130 pa ola, ndipo ukachita ngozi utapyola pamenepo, khoti likhoza kukusenzetsako mlandu ngakhale wolakwa weniweni ali wina. Mathiraki akuluakulu saloledwa kupyola 80. Pafupi ndi mizinda ndi pamene akukonza msewu pamakhala zikwangwani, ndipo makamera sagona.

Tsono taonani msewuwo mmene unamangidwira. Opita ndi obwera anawagawa ndi chitsulo pakati. Palibe mphambano, palibe njinga, palibe munthu wodutsa atasenza mtolo wa nkhuni, ndipo kuima pambali popanda vuto ndi mlandu. Iwo amayenda kumanja, choncho kupitirira mnzako n'kumanzere kokha, ukatero n'kubwerera m'mbali mwako. Kuti upeze laisensi kumeneko umalipira ndalama zambiri kusukulu yoyendetsa galimoto, ndipo galimoto imayesedwa zaka ziwiri zilizonse. Liwiro lija limatsamira pa zonsezi.

Ndipo Germany ndi yosiyana ngakhale ndi anzake oyandikana nawo. Ku France ndi 130, mvula ikagwa 110. Ku Poland ndi 140. Ku Britain ndi mamailo 70, omwe ndi makilomita pafupifupi 113, kutanthauza kuti kuno ku Zimbabwe lamulo limatilola kuthamanga kuposa Mngelezi pa msewu wake wa phula wosalala. Ku Netherlands anachita kutsitsa mu 2020, masana n'kukhala 100. Ku Finland ndiye chindapusa cha wothamanga kwambiri amachiwerengera pa malipiro ake, wolemera n'kulira mokweza kuposa wosauka. Ine lamulo limenelo ndimalikonda, ngakhale ndikudziwa mabwana ena a ku Borrowdale, dera la anthu olemera ku Harare, sangalivomere.

Kwathu kuno 120 ndi wofanana ndi wa pa misewu ikuluikulu ya ku South Africa, m'tauni ndi 60, ndipo mabasi analamulidwa mu 2023 kuikidwa kachipangizo koti asapyole 100. Kunena chilungamo, m'malo ambiri 120 yemweyo ndi wochuluka kale. Phula latsopano silithamangitsa ng'ombe. Mukayandikira ku Beitbridge abulu amaima pakati pa msewu usiku osasuntha, ngolo imayenda yopanda nyali, ndipo thiraki yofa imangoikiridwa nthambi zamasamba kumbuyo. Pa 120 galimoto imadya mamita 33 pa sekondi imodzi, ndiye kuti musanaponde n'komwe buleki mwatha kale mtunda umenewo. Mukakwera kufika 140, mtunda woti mabuleki aimitse galimoto umawonjezeka kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Funsaninso matayala anu, chifukwa ambiri timagula aja ogwirapo kale ntchito ku Mbare.

Nanga phindu lake n'chiyani? Tiyerekeze mukupita kumudzi kudzera ku Mutoko. Kuchokera ku Harare kukafika pa Nyamapanda, pamalire ndi Mozambique, ndi makilomita pafupifupi 240. Pa 120 ndi maola awiri, pa 140 mwapulumutsa mphindi zosakwana 20, ndipo apo ndiye kuti palibe tolugeti, palibe mapiri, palibe thiraki yonyamula miyala kutsogolo kwanu. Mphindi zimenezo mukazitaya zonse pa mzere wa pasipoti, kenako pa Zobue ndi pa Mwanza, pamalire a Mozambique ndi Malawi, mukaimanso. Mukalowa m'Malawi, pa malo a malonda paliponse pali chikwangwani chotsitsa liwiro, ndipo apolisi a pamsewu amakonda kuima ndi kamera chapomwepo.

Ngati cholinga ndi kufika ku Ntcheu kusanade, nyamukani ku Mufakose tambala asanalire, mapepala a galimoto, inshuwalansi ndi mapasipoti zili m'chikwama chimodzi, kuti ku Tete mukadutse dzuwa lili pamutu.