Makina a magemu a m'manja: kodi amphamvu ndiye abwino?

Wowerenga wina wanditumizira imelo kuti: "Ndikufuna kugula makina a magemu onyamula m'manja. Nditenge amphamvu kuposa onse kodi?" Funso limeneli limandiwawa mtima, chifukwa anthu ambiri amataya ndalama pongotengeka ndi manambala olembedwa pa katoni.

Mu 1989 Nintendo inatulutsa Game Boy, sikirini yake yobiriwira, yopanda mitundu, yosaoneka mumdima. Chaka chotsatira Sega inabwera ndi Game Gear ya mitundu komanso yowala. Koma Game Gear inkamaliza mabatire 6 a AA m'maola atatu mpaka asanu okha, pomwe Game Boy ndi mabatire 4 inkapitirira maola 10, ili ndi gemu yotchuka ya Tetris. Game Boy pamodzi ndi Game Boy Color zinagulidwa zoposa 118 miliyoni. Game Gear sinayandikireko n'komwe.

Mu 2004 zinabwerezanso. PSP ya Sony inali yamphamvu, zithunzi zake zokongola. Nintendo DS inali yofooka, koma inali ndi masikirini awiri, wapansi wolembapo ndi kandodo, ndi maikolofoni yoti nkuuziramo mpweya. Opanga magemu anakakamizika kuganiza zatsopano, ndipo DS inadutsa 154 miliyoni. Za PS Vita, yomwe Sony inatulutsa pambuyo pa PSP, ndisanene zambiri: makina abwino, sikirini yooneka bwino ya mtundu wa OLED, koma memory card yake (kakhadi kosungirapo magemu) inali yakeyake, yodula, microSD wamba osalowa. Anthu anagwa ulesi.

Ndinene mosabisa: pa makina a m'manja, mphamvu iliyonse imalipiridwa ndi batire, kutentha ndi kulemera. Steam Deck yoyamba ya 2022, makina a m'manja amphamvu a kampani ya Valve, ili ndi batire ya 40Wh, kutanthauza mawati 40 kwa ola limodzi. Gemu yolemera ikamakoka mawati pafupifupi 25, gawani nokha: ola limodzi ndi theka basi, fani ikulira, kumbuyo kukutentha. Ikamakoka mawati 10, ndi maola anayi. N'chifukwa chake eni ake ambiri amatsitsa zithunzi kufika pa 30 kapena 40 pa sekondi (fps) n'kuchepetsa malire a mawati omwe makinawo amakoka (TDP), kuthawa mphamvu yomwe anagula ija! Nintendo Switch ya 2017 inagwiritsa ntchito chip yakale ya Tegra X1 ya 2015, sikirini wamba ya 720p, koma kungoichotsa pa TV n'kupitiriza gemu m'manja kunasintha kaseweredwe.

Mphamvu ili ndi malo ake, inde. Gemu ikamatsika pansi pa 30 fps imadukaduka ndipo mabatani amachedwa kumvera.

Ndiye mugule chiyani?

Lembani magemu asanu amene mukufunadi, muone makina omwe amawasewera. Funsani kuti batire imatha maola angati pa magemu amenewo, osati zolembedwa pa katoni. Muwagwire kwa mphindi khumi: Steam Deck imalemera magalamu pafupifupi 670, Switch pafupifupi 400, ndipo mikono imamva kusiyanako. Onetsetsaninso kuti amalandira microSD.