Ntchito ya DBA ilipo kuno kwathu? Nanga malipiro ake?

FUNSO

Amalume, ndine mtsikana ndipo ndikumaliza digiri ya zamakompyuta ku MUBAS. Phunziro limene limandikomera kwambiri ndi la database, nkhokwe yosungiramo mbiri pakompyuta. Ndinawerenga pa intaneti kuti ku America a DBA, anthu osamala database, amalandira madola oposa 100,000 pachaka, koma ndikatsegula nyuzipepala zathu sindiona kampani ikufuna munthu wotero. Kodi ntchitoyi ilipo kuno? Nanga akadzandifunsa pa intaviyu kuti ndikufuna ndalama zingati, ndidzati chiyani?

Wophunzira, Chitawira

YANKHO

Mphwanga, nambala ya ku Americayo si yabodza. Koma amene amalandira ndalamayo amalipiranso lendi ya ku America, ndipo ambiri mwa iwo ndi mikhalakale pantchito. Iike kaye pambali.

Ntchito ilipo, mipando yake ndiyo yochepa. Taganizira malo amene database itati yagona ola limodzi, anthu pamzere angayambe kulalata: mabanki monga National Bank, Standard Bank, NBS ndi FDH, kenako Airtel ndi TNM kumene Airtel Money ndi Mpamba sizigona usiku, MRA, Reserve Bank, ESCOM ndi mayunitsi ake. Usaiwale NRB, imene inalemba m'kaundula Amalawi oposa 9 miliyoni mu 2017. Malo onsewa amafuna munthu wosamala database, koma kampani ya antchito mazanamazana imatha kukhala ndi awiri kapena atatu basi, ndipo akakhala pampandopo sachoka msanga. N'chifukwa chake sukuiona m'nyuzi. Nthawi zambiri imabisala m'maina ena: Systems Administrator, Data Manager, ICT Officer. Uziwerenga mndandanda wa ntchito zake, osati mutu wokha. Ku zaumoyo nakonso kuli khomo, poti pulogalamu ya DHIS2 imene unduna umasonkhanitsira malipoti a zipatala imayenda pa pulogalamu ya database yotchedwa PostgreSQL.

Tsono chimene sungakonde kumva ndi ichi. Palibe bwana wa banki amene angapereke makiyi a database kwa munthu amene wangovula gauni dzulo. Pafupifupi a DBA onse amene ndimawadziwa anayamba kwina, ena kulemba mapulogalamu, ena kuthamangira ma printer a anthu, mpaka tsiku lina wamkulu anapita kutchuthi iwo n'kusiyiridwa.

Ine ndinalowa choncho. Pakampani ina imene sindiitchula, ntchito yanga inali kusintha tepi ya backup, yosungira kope la zonse za mu database, madzulo aliwonse, ndipo ndinkaichita mokhulupirika, kusaina m'buku ndithu. Tsiku lina kumapeto kwa mwezi, tikukonza malipiro, disiki inafa. Ndinatulutsa tepi monyadira. Inakana kuwerengeka. Ya dzana lake inakananso. Kwa miyezi yonseyo palibe anayesapo kubwezeretsa kanthu kuchokera m'matepiwo, ngakhale ineyo. Tinakhala masiku atatu tikulowetsanso zonse kuchokera pamapepala, alonda akutiitanira chipisi pageti. Kuyambira pamenepo, ndikamafunsa munthu ntchito sindiyamba ndi satifiketi. Ndimati: database yafa 2 koloko usiku, undiuze chimene uchite kuyambira mphindi yoyamba. Malipiro a DBA amatsata yankho la funso limenelo.

Choncho ika PostgreSQL pa laputopu yako, ndi yaulere. Dzaza zinthu, panga backup, fufuta dala tebulo limodzi la mu database, ulibwezeretse. Bwereza mpaka manja azolowere. Phunziranso Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta monga Windows, chifukwa ma seva ambiri, makompyuta amene database imakhalamo, amayenda pa iyo. Oracle ndi SQL Server, mapulogalamu ena a database, ndi zimene udzakumane nazo m'makampani akuluakulu, koma mayeso a satifiketi zake amalipiridwa m'madola, ndiye ine ndikanati udikire abwana adzakulipirire. Ena akuopseza kuti AWS ndi Azure, zimene zimasungira makampani database pa intaneti, zathetsa ntchitoyi. Zachotsadi zina zotopetsa, koma lipoti likamatenga theka la ola kuti lituluke amafunabe munthu wodziwa chifukwa chake, ndipo lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024 lawonjezera udindo kwa aliyense wosunga maina ndi manambala a makasitomala.

Za ndalama. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye nambala yolembedwa m'magazini imavunda msanga ngati tomato wa dzinja. Yatsopano uipeza kwa anzako amene anamaliza zaka ziwiri zapitazo, afunse pambali. Chimene sichisinthasintha ndi ichi: mabanki, makampani a foni ndi mabungwe othandizidwa ndi maiko akunja amalipira kuposa boma, kumene malipiro amatsata giredi ndipo palibe zonenerera. Mabungwewo vuto lawo ndi kontrakiti, imatha pulojekiti ikatha.

Pa intaviyu usathamangire kutchula nambala. Funsa mwaulemu kuti iwo anakonza pakati pa zingati ndi zingati. Akakuuza, funsa ngati ndi PAYE asanadule kapena atadula, ndipo ukumbukire kuti pa penshoni iwe umadulidwa 5 peresenti, abwana n'kuika 10. Funsa za chipatala. Ndipo usatuluke usanafunse ngati pali alawansi ya standby, yokhalira tcheru kunja kwa nthawi ya ntchito, chifukwa foni ya DBA imalira ngakhale uli pa chinkhoswe.

Amalume